Kodi mawu a agogo ojambulidwa pa foni ndiwalembe monga momwe analankhulira?

Mlembi wa ku Bangula:
Moni nonse. Ndikusonkhanitsa nkhani za akuluakulu a ku Nsanje ndi ku Chikwawa zokhudza madzi osefukira, kuyambira a mu Januwale 2015 kufikira a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo mawu awo ndimajambula pa foni. Vuto limabwera polemba, chifukwa ambiri amasakaniza Chisena ndi Chimang'anja, amabwerezabwereza mawu, ndipo chaka sachitchula ndi manambala, amangoti "chaka chimene njanji inaduka ku Chiromo." Kodi ndilembe zonse monga zinatulukira m'kamwa mwawo, kapena ndiziwongolere m'Chichewa cha m'mabuku?

Mphunzitsi wa ku Ngabu:
Achimwene, lembani kawiri. Poyamba musasinthe kanthu: Chisena chikhale Chisena, kubwereza kukhalepo, ndipo pamene agogo anakhala chete muikepo chizindikiro, pakuti nthawi zambiri amakhala kuti afika pa nkhani ya m'bale amene anapita ndi madzi. Kulemba kwachiwiri ndiko kwa owerenga, ndipo kumeneko mungachotse zobwereza koma osawaika m'kamwa mawu amene sananene. Njanji ija inaduka mu 1997, koma chakacho mulembe pambali ngati ndemanga yanu. Dziwaninso kuti ola limodzi la zojambula limatha kudya maola anayi kapena kuposerapo polemba, choncho musaunjike ntchito.

Mayi wa ku Makhanga:
Aphunzitsi anena zoona, koma mavuto ambiri a polemba amayambira pojambula pomwe. Mukadzera kwa amfumu, monga kuyenera, anthu amasonkhana pansi pa mtengo, aliyense n'kumathirirapo ndemanga, ndipo mukadzamvetsera kunyumba simudziwanso kuti uyu ndani. Pemphani kuti mukhale awiri pakhonde, m'mamawa dzuwa lisanapse, foni muike pa mpando pafupi ndi wolankhula ndipo muiteteze ku mphepo. Amayi muwafunse paokha, chifukwa pamaso pa amuna ambiri amangovomereza. Chilolezo chojambula ndi chotchula dzina lawo m'buku chimvekenso m'foni momwemo.

Mlembi wa ku Bangula:
Zikomo nonse awiri. Nanga mawu a Chisena amene sindikuwamva bwino nditani nawo?

Mayi wa ku Makhanga:
Musaganizire tanthauzo, bambo. Lembani mphindi imene mawuwo ali, mupeze munthu woyamwira Chisena amvetsere nanu, kenaka mukabwererako mukawawerengere agogowo zimene mwalemba kuti akonze okha.