Kodi "kalonga" ndi mwana wa mfumu, kapena mawuwa tinawasokoneza?

Naphiri wa ku Dowa

Akuluakulu ndithandizeni, nkhaniyi ikundizungulira m'mutu. Mwezi wathawu kwathu kunali kulonga ufumu. Amfumu athu, omwe anali amalume awo a mayi anga, anatisiya chaka chatha, ndiye mbumba inakhala pansi kuti ione wolowa dzina. Mwana woyamba wa malemuwo anatulukira kuchokera ku Johannesburg pa galimoto, suti yosita bwino, atagulanso mbuzi ziwiri panjira. M'mutu mwake zinali zotha kale. Koma tsiku litakwana ntchembere zinamudutsa ngati chitsa, n'kukagwira mwana wa mlongo wawo wa malemu, munthu wongodzilimira fodya, amene nthawi imeneyo anali kuseri kwa nyumba akuwaza nkhuni za pamwambo womwewo.

Wa suti uja anapsa mtima. Anati, "Ine ndine kalonga pano, mwana wa mfumu!" Agogo anga aakazi, omwe maso anafooka koma makutu akadali akuthwa, anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anamufunsa kuti, "Kalonga? Iwe unalongapo ndani?" Achikulire onse anafa nacho chiseko. Achinyamata tinangoyang'anana.

Ine chikulire changa ndimadziwa kuti kalonga ndi mwana wamwamuna wa mfumu. M'nthano za m'mabuku a ana zili choncho, pa wailesi akamanena za ana a mfumu ya ku Britain amatinso akalonga. Nanga agogowa ankaseka chiyani? Ndinawafunsa madzulo ake, anangoti, "Kafunse a ku Mankhamba," n'kutembenukira kukhoma.

Abanda, mphunzitsi wopuma, Mtakataka

Mwana wanga Naphiri, agogo akowo anakuyankha kale, iwe ndiwe sunamve. Tanthauzo lili m'funso lawo lomwelo. Kalonga ndi wolonga, munthu amene amalonga ena ufumu. Ka- wa kumayambiriroyo si wochepetsa ngati wa kamwana kapena kambuzi. Ndi yemwe uja wa kazitape, kalondolondo, kabwerebwere: munthu wodziwika ndi ntchito imeneyo. N'chifukwa chake akachuluka timati akalonga, osati tilonga.

Ndipo silinali dzina la mfumu wamba. Linali dzina la mfumu ya mafumu a Amaravi, a mfunda wako womwewo wa Phiri. Likulu lake linali kuno kwathu, ku Mankhamba ndi ku Manthimba, kumunsi kwa mapiri a Dedza, pafupi ndi nyanja. Mbiri ya pakamwa imati anthuwa anachokera ku Uluba, m'dziko la Congo la lero. Kalonga ankatuma abale ake kukakhala m'madera akutali, n'kuwapatsa dzina ndi dziko. Iwowo ankabweza ulemu ndi mitulo: zikopa za mkango ndi kambuku, makasu, ndi minyanga. Njovu ikaphedwa, nyanga imene yagunda pansi inali ya mwini dziko, mlenje n'kutsala ndi yapamwamba.

Musaganize kuti ndi nthano za pamoto zokha. Apwitikizi analemba za mfumu ya Amaravi yotchedwa Muzura, amene mu 1608 anatumiza ankhondo 4,000 kutsidya la Zambezi kukathandiza mfumu ya kumeneko, Mwenemutapa Gatsi Rusere. Mu 1616 Mpwitikizi wina, Gaspar Bocarro, anachereza kwa Muzura yemweyo pa ulendo wake wapansi wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, kugombe la Tanzania ya lero. Ophunzira amakanganabe ngati Muzura anali Kalonga weniweni wa ku Mankhamba kapena mfumu ina yamphamvu, koma ambiri amamuwerengera mu mzere wa Akalonga. Pa Mankhamba penipenipo, katswiri wofukula zakale Dr Yusuf Juwayeyi atakumba anapeza mikanda ya galasi, mapale a mbale zochokera ku China, zamkuwa ndi zidutswa za minyanga. Lero ukadutsapo uona minda ya chimanga basi.

M'bale wa ku Nsanje

Aphunzitsi, ndakumvani, koma kuno kumunsi kulonga ndi kulankhula. Mu Chisena munthu akati "ndalonga" ndiye kuti wanena. Bwanji kalonga asakhale wolankhula, mwini mawu omaliza pabwalo? Ine ndikuona ngati zikugwirizana bwino kuposa zanuzo.

Abanda, mphunzitsi wopuma, Mtakataka

Achimwene, maganizo anuwo ndi okoma, ndipo pa mowa ndikanakuvomerani. Koma eni dzinalo mpaka lero amalimasulira kuti wolonga mafumu. Tisawalande.

Mkulu wa mpingo, Nkhoma

Ndiloleni ndiikepo pang'ono za Baibulo, poti ndikudziwa kuti mnyamata wa suti uja ndi kumene anatola mawuwa. Pa Yesaya 9:6 timawerenga za "Kalonga wa mtendere", ndipo Khirisimasi iliyonse makwaya amaimba zimenezi. Popeza vesi lomwelo likuyamba ndi kubadwa kwa mwana, ambirife tinangolumikiza kuti kalonga ndi mwana wa mfumu. Koma tawerengani bwino. Kalonga wa mtendere ndi wolamula, mwini mtenderewo. M'malo ena a Chipangano Chakale, akalonga ndi akuluakulu oyang'anira zigawo pansi pa mfumu. Omasulira Buku Lopatulika, lomwe linatuluka lathunthu mu 1922 ntchito yake itatsogoleredwa ndi William Murray, anafuna mawu aulemu otchulira wolamula wamkulu, ndipo anatola limene linalipo. Nthawi imeneyo ufumu wa ku Mankhamba unali utagwa zaka zoposa 50 m'mbuyomo, dzina lili ngati nyumba yopanda mwini. Za mwana wa mfumuzi zinachita kumera pambuyo, m'sukulu ndi m'manyuzipepala.

Naphiri wa ku Dowa

Zikomo abambo. Ndiye kuti mwana wa Kalonga ankatchedwa chiyani? Ndipo Abanda, mwati ufumuwo unagwa. Banja lake linapita kuti? Anthu satha ngati mchere m'madzi.

Abanda, mphunzitsi wopuma, Mtakataka

Apa ndiye pali nkhani, khala pansi.

Mwana wa Kalonga sankakhala Kalonga. Sizinkatheka n'komwe. Mkazi wamkulu wa Kalonga anali ndi dzina lake la udindo, Mwali, ndipo ankachokera kwa ife a Banda. Kale mfunda unkatsata mayi, osati monga tikuchitira ambiri masiku ano potengera kwa bambo. Choncho mwana wobadwa m'nyumba ya Kalonga anali Banda, ndipo ufumu wa a Phiri sunkamukhudza. Ankadya nawo nyama, ankalemekezedwa, koma mpando ayi. Ukaona bwino, mawu amene lero tikutchulira mwana wa mfumu ndi dzina limene mwana wa mfumu yekhayo ndiye sankaloledwa kulilowa. Agogo ako ankaseka zimenezo.

Wolowa dzina ankachokera m'mimba mwa Nyangu. Nalonso ndi dzina la udindo, la mayi kapena mlongo wake wa Kalonga, tsinde la banja lonse lachifumu. Ukafuna kulondola banja la Akalonga usawerenge ana aamuna monga amachitira azungu ndi maina awo aulemu, amene amatha mwamuna womaliza akafa wopanda mwana wamwamuna. Kwathu dzina limadwala pamene mbumba yabalalika.

Ndipo inabalalikadi. Mbiri ya pakamwa imati Kalonga wina atamwalira, m'bale wake Undi ankayembekeza kulowa, koma nduna zinamudumpha n'kusankha wina. Ukuona kuti za kwanuzo si zachilendo? Undi anakwiya, anasamuka kulowera kumadzulo mpaka anakakhazikika ku Mano, m'dera la Tete ku Mozambique. Posamukapo sanatenge ng'oma kapena mikondo yokha. Anatenga Nyangu ndi gawo lalikulu la mbumba. Taganiza: mpando watsala ku Mankhamba, koma mimba yobereka eni mpandowo yapita kutali ulendo wa masiku ambiri. Kuyambira pamenepo Kalonga akafa, a ku Mankhamba ankayang'ana kwa Undi kuti atumize wolowa. Wolonga anayamba kudikira kulongedwa ndi munthu amene anachoka m'nyumba mwake mokwiya.

Kumwera nako, mafumu ena a Amaravi, Kaphwiti ndi Lundu, anali atadziimira paokha m'chigwa cha Shire. Mu 1622 Muzura anagonjetsa Lundu mothandizidwa ndi Apwitikizi, koma zimenezo zinangochedwetsa matenda. M'zaka za m'ma 1700 mafumu aang'ono anayamba kugulitsa okha minyanga kwa amalonda, osadzeranso ku likulu. Mfumu ikakhala ndi nsalu zake, mikanda yake, pambuyo pake mfuti zake, ikatule nyanga yapansi kwa Kalonga chifukwa chiyani? Zinafika poti anthu a mifunda ina, osakhala a Phiri, analowapo dzinali. Amatchula Kampini, wa kwa Mbewe.

Womaliza anali Sosola, Phiri weniweni wa mzere wa Nyangu. Analanda dzinalo kwa Kampini mothandizidwa ndi mafumu ena, ambiri mwa iwo Ayao. Dzina analipeza, koma mitulo sinkabwera. Anafunanso thandizo kwa gulu lina la Ayao lotsogoleredwa ndi Mnanula, amene anadzadziwika kuti Pemba. Mapeto ake anamenyana, ndipo Sosola anaphedwa cha m'ma 1860. Pambuyo pake Angoni a Kachindamoto anadzakhazikika kuno ku Mtakataka, ndipo mpaka lero malo a likulu la Amaravi ali m'dera la mfumu ya Chingoni.

Chimene chimandikhudza ine ndi moto. Amati ku likulu kunali moto wa Kalonga umene sunkazima usana ndi usiku. Ankauzimitsa iye akamwalira, wolowa dzina n'kuyatsa watsopano. Ndikamadutsa kumeneko pa njinga nyengo yotentha tchire, utsi uli tolotolo m'minda, ndimakumbukira zimenezi.

Mayi wa ku Katete, Zambia

Pepani atate, mwafotokoza bwino koma mawu akuti womalizawo andilasa. Kalonga sanathe. Ife kuno ku Mkaika tili ndi Kalonga Gawa Undi, ndipo chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti mafumu a Achewa ochokera ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amabwera ku Kulamba kudzagwada ndi kutula mphatso. Mwambowu atsamunda anauletsa mu 1934, unadzukanso mu 1984. Nyangu tili naye, amakhala pambali pa mfumu aliyense akuona. Inu nomwe mwanena kuti banja ndi Nyangu. Ndiye ngati Nyangu anabwera ndi Undi, chinafa ku Mankhamba n'chiyani? Chisa chopanda mbalame?

Abanda, mphunzitsi wopuma, Mtakataka

Amayi, mwandikola ndi chingwe changa chomwe. Ku Kulamba ndinafikako kawiri, fumbi lake ndimalidziwa. Sindikukana kuti magazi a Nyangu ali kwa Undi, ndiponso kuti mafumu athu ambiri amamulemekeza monga kholo. Ku Salima nakonso kuli mfumu yaikulu yotchedwa Kalonga. Dzina likuyendabe. Koma kale Undi ndi Kalonga anali maina awiri, mipando iwiri, m'malo awiri. Umodzi mwa mipandoyo, wa ku Mankhamba, ufumu wake unagwa ndi Sosola, ndipo mlira, mwambo wa chaka ndi chaka umene akuluakulu a Phiri ankasonkhanira kumeneko kudzakumbukira mzimu wa Kalonga woyamba n'kutentha tchire la Marimba, unazilala nawo. Chimene ndikulira ine ndi chimenecho.

Mnyamata wa ku Mangochi

Agogo Abanda, ine ndine Myao, ndipo nkhani imeneyi ikafika pa Sosola anthu amakonda kutiyang'ana ife ngati ndife tinagwetsa nyumba. Ndathokoza kuti inu mwayambira patali. Nyumbayo chiswe chinali chitaidya zaka zoposa 100 Mnanula asanabadwe. Ndiponso anachita kuitanidwa.

Mkulu wa mpingo, Nkhoma

Paja amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Timaunena poyamikira nzeru za alendo, koma Sosola akanadzuka akanatiuza kuti kalumoko sikameta tsitsi lokha.

M'bale wa ku Nsanje

Ine ndikadali pa mawu anga. Munthu polonga mnzake ufumu amatani? Amalonga, kutanthauza kuti amalankhula, anthu n'kumva kuti uyu ndiye mfumu. Mwina mawu awiriwa ndi mapasa amene analeredwa kosiyana. Musandithamangitse msanga.

Naphiri wa ku Dowa

Ndawawerengera agogo zonsezi dzulo madzulo ali pa mphasa akusenda nyemba. Za Bocarro ndi zaka zija sanazilabadire. Koma nditafika pa Nyangu anasiya nyembazo n'kundiuza kuti ndibwereze. Kenaka anayamba kutchula maina a amayi awo, agogo awo, ndi amayi a agogowo, mpaka anayi, dzina lililonse ndi mudzi wake. Dzina lachisanu linawathawa. Anakhala chete nthawi yaitali, n'kunena kuti mng'ono wawo wa ku Mponela akhoza kulikumbukira, ndipite Loweruka ndi kope.

Wa suti uja anabwerera ku Johannesburg, mbuzi zake zinadyedwa pamwambo wa msuweni wake. Abanda, ndikatsika minibasi pa Mtakataka, ku Mankhamba ndi kutali bwanji? Kabaza amafika?