Khosi ndi phewa zikundilanda gitala ya bambo anga, kodi singano za acupuncture zingandithandize?

Abale anga m'gulu muno, moni nonse. Adimini mundilole ndibise dzina, koma nkhaniyi ndi yanga ndithu ndipo ikundisowetsa tulo.

Ndine telala, ndili ku Johannesburg kuno zaka 9 tsopano. Ndimasoka madiresi a zitenje, masuti a ukwati, mayunifomu, chilichonse chimene chabwera. Ndikakhala pa makina m'mawa ndimadzuka dzuwa litalowa. Kuyambira chaka chatha khosi langa limauma ngati mtengo, ululu n'kumatsikira paphewa lamanja mpaka pachigongono. Madzulo mutu umagwira ngati andimanga lamba pamphumi. Panado anasiya kugwira ntchito, bulufeni amathandiza koma wayamba kundiotcha m'mimba.

Kusoka ndikusokabe, poti ana kumudzi akudikira fizi. Chimene chikundiliza ndi gitala.

Bambo anga ankagwira ntchito ku esiteti ya tiyi kwathu ku Thyolo. Gitala yawo yoyamba anapanga okha ndi chigubu cha mafuta ophikira, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga. Ina yeniyeni anadzaigula ine ndili ku pulayimale. Anali munthu wosalankhulalankhula, sindikumbuka tsiku limene anandiuzapo zakukhosi kwawo. Koma akaweruka ankakhala pakhonde, n'kundikhazika pakati pa miyendo yawo, n'kumagwira zala zanga chimodzichimodzi kuziika pa nsambo. Ndikalakwitsa sankakalipa, ankangobwereza mzere womwewo mpaka khutu langa limve. Kucheza kwathu kunali kumeneko.

Anamwalira mu 2020, nthawi ija malire anali otseka chifukwa cha Covid. Maliro ndinawaonera pa foni, netiweki ikudukaduka, nyimbo ya kumanda ndinangoimva theka. Patapita miyezi gitala ija inandipeza kuno, atabwera nayo a transporter kudzera ku Mwanza, Tete mpaka Beitbridge, amayi ataikulunga m'chitenje chawo ndi makatoni. Kumbuyo kwa khosi lake kuli malo amene vanishi inatha, pomwe pankakhala chala chawo chachikulu. Chala changa chimakwanira pomwepo ndendende. Ndikaigwira Lamlungu kutchalitchi kwathu kwa Amalawi, kapena ndekha m'chipinda usiku, ndi pamene ndimamva kuti ndinawaika m'manda bambo anga, komanso kuti sanapite kutali.

Tsopano miyezi itatu yatha ili pakhoma. Ndikangokweza mkono kuukoleka pa gitala, mphindi zisanu sizikwana, phewa layaka moto.

Kasitomala wanga wina wandiuza kuti ndikayese acupuncture, chithandizo cha Chitchaina chobaya tisingano m'thupi kuti ululu uchepe, akuti ku Cyrildene kuno ku Johannesburg kumene kuli Matchaina ambiri aliko ochita zimenezi. Mtengo wa ulendo umodzi ndi ndalama imene ndimapeza masiku awiri, ndipo akuti ulendo umodzi sukwanira. Amene munayesapo, zimathandizadi kapena ndingotaya ndalama? Singanozo sizingandipatse matenda? Komanso ndisabise, mtima ukundigunda chifukwa amayi anatilera kuti mphini ayi. Kodi izi si mphini za Chitchaina? Ndithandizeni nzeru chonde.

Mayi wa ku Cape Town:
Pepani achimwene, nkhani ya gitalayo yandikhetsa misozi. Ine ndinayesa chifukwa cha msana, ndimagwira ntchito ya m'nyumba. Musaganize za jakisoni wa kuchipatala, tisingano take n'topyapyala kwambiri, polowa mumangomva ngati kulumidwa ndi nyerere, kenako pamalopo pamalemera. Anatsegula paketi yatsopano ine ndikuona, anandibaya kumsana, m'miyendo ndi m'manja, n'kundisiya chigonere mphindi ngati 25. Ndinagona tulo pomwepo. Ulendo woyamba ndi wachiwiri sindinaone kusintha, wachinayi ndinayamba kuwerama osabuula. Koma ndinene zoona, patatha miyezi ingapo ululu unayamba kubwerera, ntchito yake ndi yomweyo yonyamula ndowa ndi kukolopa.

Nesi wa ku Leeds:
Bambo, ndisanayankhe za singano ndikufunseni kaye. Kodi zala zimachita dzanzi? Dzanja likufooka, monga sizasi kapena kapu kukupulumukani? Mukuonda, kapena kutuluka thukuta usiku?

Mwini funso:
Zikomo amayi. Kuonda ayi, thukuta ayi. Koma dzanzi lilipo pa chala chachikulu ndi chamkombaphala, makamaka ndikadzuka. Sizasi sinandigwepo.

Nesi wa ku Leeds:
Ndiye poyambira ndi ku kiliniki, osati ku Cyrildene. Ululu wochoka m'khosi kutsikira m'mkono pamodzi ndi dzanzi m'zala ziwiri zimenezo nthawi zambiri umatanthauza kuti mtsempha wina wapanikizika, mwina m'khosi momwemo, mwinanso padzanja polumikizira. Zonse ziwiri zimagwira anthu osoka. Akakuyezeni, ndipo mupemphe kuti akutumizeni kwa a physiotherapy, aja ochititsa mafizo. Tsiku limene mudzaone kuti dzanja lafooka, mabatani akukuvutani kumanga, kapena miyendo ikudzandira, musadikirenso tsiku limene anakupatsani.

Za acupuncture ndikuuzani zonse ziwiri, zokoma ndi zowawa. Kuno ku Britain bungwe la NICE, limene limalangiza zipatala za boma, linanena mu 2021 kuti munthu wa ululu wokhalitsa umene gwero lake silikuoneka akhoza kupatsidwa acupuncture. Pa mutu womanga ngati wanuwo, ukakhala wa masiku ambiri, limalola maulendo osapitirira 10 pa masabata 5 mpaka 8. Koma bungwe lomwelo mu 2016 linati pa ululu wa m'chiuno asamapereke. Madokotala a ku America mu 2017 anaiika pa mndandanda wa zoyesa pa msana womwewo munthu asanathamangire mapiritsi. Mukuona kuti akatswiri okhaokha sakumvana.

Chimene chimawagawanitsa ndi ichi. Ku Germany anachita kafukufuku wamkulu amene anatuluka mu 2007, pa odwala msana 1,162. Ena anawabaya pamalo enieni a acupuncture, ena anangowabaya pamwamba pa khungu pamalo osakhala ake, ena anangolandira chithandizo cha masiku onse. Patatha miyezi 6, pa anthu 100 alionse amene anapezako bwino anali pafupifupi 48 m'gulu loyamba, 44 m'gulu lachiwiri, ndi 27 okha m'gulu lachitatu. Ena akaona manambalawa amati taonani singano zapambana mankhwala. Ena amati taonani zilibe kanthu kuti wabaya pati. Ine ndimati wodwala amene wapezako bwino wapezako bwino basi, koma asauzidwe kuti singano zawongola fupa kapena zamasula mtsempha. Zimachepetsa ululu kwa anthu ena, kwa kanthawi. Kanthawi kameneko n'kofunika ngati mukagwiritsa ntchito pochita mafizo.

Mukasankha kupita, ku South Africa ochita acupuncture amayenera kulembetsa ku Allied Health Professions Council of South Africa. Funsani wokubayaniyo nambala yake yolembetsera ku bungweli, mukaitsimikize. Singano zikhale zatsopano, zotsegula inu mukuona, ndipo zitayidwe akamaliza, chifukwa zobwereza zimafalitsa hepatitis B ndi HIV. China chimene anthu sachidziwa: pamwamba pa phewa, pomwe pakukupwetekanipo, nsonga ya phapo ili pafupi. Wosaphunzira akalowetsa singano kwambiri akhoza kuboola phapo. Sizichitika kawirikawiri, koma mukadzamva kubanika kapena chifuwa kubaya mutachoka kumeneko, thamangirani kuchipatala. Ngati mumamwa mankhwala osungunula magazi monga warfarin, muwauziretu.

Bulufeniyo musapitirize osaonana ndi dokotala, m'mimba mwayamba kale kudandaula ndipo amavutitsanso impso. Komanso mapiritsi a ululu akamamwedwa masiku 15 kapena kuposa pa mwezi, iwo omwewo amayambitsa mutu. Werengani masiku anu muone.

Telala mnzanu wa ku Limbe:
Achimwene, ine zaka 22 ndili pa makina ndipo ndikuuzani kuti ndalamazo gulani kaye mpando. Atelala timadwala chifukwa timakhala pa situlu kapena pa kireti, tebulo lili pansi, chipinda chili mumdima, ndiye mutu umalowa m'makina kuti uone ulusi. Ikani babu pafupi ndi singano ya makina. Mpando ukhale wotsamira, zigongono zifanane ndi tebulo. Ine ndikamaliza msoko wautali ndimadzuka, n'kukasita kapena kudula nsalu choimirira, n'kubwerera. Ndipo mukayezetse maso, ambirife timawerama chifukwa maso anatopa. Angakubayeni singano 100, mukabwerera pa kireti yomweyo khosi lidzakupezani.

Mnyamata wa ku Area 25:
Zonsezi n'zongodyera anthu ndalama. Pitani mukapemphereredwe basi.

Mkulu wa mpingo wa ku Zomba:
Mwana wanga wa ku Area 25, kupemphera tipemphere ndithu, koma m'bale wathuyu wafunsa funso ndipo ayankhidwe. Bambo telala, za mphini ndaziganizira. Amayi anu pokana mphini, ndikhulupirira ankakana zimene zimayenda nazo: kuombeza, kuloza mfiti, ndi mankhwala opaka pabala amene mwini wake sauzidwa kuti ndi chiyani. Panalinso lezala limodzi lotemera banja lonse. Pa acupuncture sakutema, sakupaka kanthu, singano imalowa youma n'kutuluka youma. N'zoona kuti Matchaina akale ankafotokoza kuti m'thupi mumayenda mphamvu imene amaitcha qi, ndipo singano zimatsegula njira zake. Madokotala a masiku ano amafotokoza kuti singano imatekenya mitsempha, thupi n'kutulutsa mankhwala ake oziziritsa ululu. Ine sindiona tchimo pamenepo, bola wokubayaniyo asakulowetseni m'miyambo ina. Koma chikumbumtima n'chanu. Ngati mtima sukhazikika, musapite chifukwa choti ine ndanena, munthu wogona pabedi lachipatala ali ndi mantha sapindula kwenikweni. Muwaimbirenso amayi muwafotokozere, asadzamve kwa ena kuti mwana wawo akubayidwa ku Joni.

Ndipo gitalayo isakhalitse pakhoma. Sauli atavutika mumtima sanamuitanire wina koma Davide ndi zeze wake.

Mayi wa ku Rumphi:
Abambo a ku Zomba anena zimene ndimafuna kunena. Kwathu kuno wodwala timamuvinira Vimbuza, ng'oma ndi nyimbo usiku wonse, ndipo a UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, anaika Vimbuza pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse mu 2008, pamodzi ndi Gule Wamkulu. Acupuncture analowa pa mndandanda womwewo mu 2010. Sindikuti mukavine, mpingo wanu mwina sulola. Ndikungoti makolo athu anadziwa kuti munthu akalandidwa nyimbo yake amadwala kawiri. Inu simunalire maliro mokwanira, achimwene. Gitalayo ndiye siwa yanu.

Nesi wa ku Leeds:
Amayi a ku Rumphi, ngakhale kuchipatala zimenezo zimadziwika. Mu 2015 magazini ya zachipatala ya The Lancet inasonkhanitsa kafukufuku 73 wa anthu ochitidwa opaleshoni, pafupifupi 7,000, ndipo amene anamvetsera nyimbo ululu ndi nkhawa zinachepa, mankhwala a ululu anamwanso ocheperako. Ndiye bambo, ngakhale masiku amene mkono wakana, nyimbo zija muzimvetsera ndi kuimba pakamwa. Gitala yesani kuimangira lamba kuti isamalendewere pa mkono, mukhale pampando wowongoka, chigongono chisakwere m'mwamba. Mphindi zisanu zikakwana siyani ululu usanayambe, madzulo mubwerezenso. A physiotherapy mukawauze mosabisa kuti cholinga chanu n'kuimba gitala, adzadziwa mafizo okupatsani. Ena mwa iwo amabayanso singano zouma paminofu, mukhoza kufunsa konko.

Mwini funso:
Abale, ndawerenga zonse kawirikawiri. Amayi a ku Rumphi, mawu anu oti siwa andikhazika pansi, ndinasiya kusoka kaye.

Ndabwera kudzakuuzani pamene ndafika. Lachiwiri ndinapita ku kiliniki. Anandigogoda m'mikono, kundifinyitsa zala zawo, kunditembenuza khosi, ndipo akuti mphamvu ya dzanja ili bwino koma akuganizira mtsempha wa m'khosi. Bulufeni andiletsa, andilembera kalata ya physiotherapy mwezi wamawa. Masiku a mapiritsi ndinawerenga, anapitirira 20, ndiye akuti tichepetse pang'onopang'ono. Achemwali a ku Limbe, munalasa, ndimakhaladi pa kireti. Ndagula mpando wakale wotsamira ndi babu, tebulo ndalikweza ndi njerwa.

Amayi ndawaimbira. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati singanozo amaziviika mu mankhwala. Nditati ayi, anati ndiye ndi nkhani ya iwe ndi madokotala, koma gitala ya bambo ako ilire. Ndaganiza kuti ndionane kaye ndi a physiotherapy, ndipo akavomereza ndidzayese maulendo 6 kwa munthu wolembetsedwa, osapitirira pamenepo ngati sindiona kusintha.

Dzulo usiku ndinasoka lamba ndi nsalu yotsala ya jinzi, mkati ndinaikamo siponji. Ndinaitsitsa pakhoma, nsambo zinali zitachita dzimbiri pang'ono. Ndinaimba ndime ziwiri za nyimbo ija ya kumanda imene ndinaimva theka, phewa litayamba kutentha ndinasiya monga ananenera anesi. Ndime yachitatu ndiimba lero ndikaweruka.

Amene munabayidwapo pakhosi kapena paphewa, osati kumsana, ndiuzeniko: tsiku lomwelo munatha kugwira ntchito, kapena ndisankhe Loweruka masana kuti ndidzapume Lamlungu?