Makina akulephera kulemba mawu amene tinajambula ku Mitundu

Wojambula mawu, Area 25:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Tinajambula agogo akusimba mbiri ya mudzi wawo ku Mitundu, ndipo ndayesa kuti kompyuta ilembe zoyankhulazo. Pulogalamu ya Whisper, yosandutsa zoyankhula kukhala zolemba, yangotulutsa zosamveka zokhala ngati Chiswahili. Kumapeto kwa zojambulazo kukumveka ng'oma ndi nyimbo za gule wamkulu, ndipo pamenepo makinawo akusokonezekeratu.

Katswiri wa makompyuta:
Achimwene, Whisper, imene kampani ya OpenAI inatulutsa mu 2022, ilibe Chichewa pamndandanda wa zinenero zake, n'chifukwa chake ikuthawira ku Chiswahili. Yesani MMS, pulogalamu ina yolemba zoyankhula ya kampani ya Meta, ya mu 2023, imene ili ndi Chinyanja. Komabe dziwani kuti mbali yaikulu inaphunzira pa mawu a anthu owerenga Chipangano Chatsopano m'chipinda chachete, choncho gogo akamanena kuti fumbi linangoti koboo, kwinaku nkhuku zikulira ndi mtondo ukugunda, idzaphonya. Dulani zojambulazo m'zidutswa za masekondi 30, makina alembe, inu mukonze pamanja mahedifoni ali kukhutu.

Mphunzitsi wa filosofi:
Musanadule chilichonse, bambo, kodi agogowo anavomera chiyani kwenikweni? Kulola kuti mawu ajambulidwe n'kosiyana ndi kulola kuti makina aphunzire nawo. Chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi nyimbozo. UNESCO, bungwe la United Nations loona za maphunziro ndi chikhalidwe, inalengeza gule wamkulu kukhala chuma cha anthu onse mu 2005, koma zimenezo sizinatsegule dambwe kwa aliyense, ndipo pali nyimbo zimene wosameta sayenera kuzimasulira, nanji makina amene adzazibwereza kwa munthu aliyense wofunsa. Gogo mmodzi sangapereke yekha chinthu chimene eni ake ndi mudzi wonse.

Wojambula mawu:
Amayi, mwandikhudza. Pa fomu tinangolemba kuti ndi za kafukufuku, agogo anadinda chala, za makina sitinatchule.

Mphunzitsi wa filosofi:
Ndiye bwereraniko, mukayambire kwa a mfumu, mukawamveretse zojambulazo ndi kufotokoza m'Chichewa chomveka kumene mawuwo apite. Mulembe fomu yatsopano yotchula za makina, ndipo ikadzerenso ku komiti imene inavomereza kafukufukuyu.

Katswiri wa makompyuta:
MMS imatheka kuiyendetsa pa laputopu yanu popanda kutumiza kanthu pa intaneti. Gawo la ng'omalo lisungeni padera, musalilowetse m'makina.

Wojambula mawu:
Zikomo kwambiri nonse. Loweruka ndikwera minibasi ya ku Bunda ndi kasipika kanga, ndikawamveretse eni ake.