Thandizeni nzeru: tikufuna kukwirira chingwe cha faiba pasukulu yathu ku Kasungu

Akuluakulu m'gulu muno, ndili mu komiti ya sukulu ina kuno ku Kasungu, chakufupi ndi msewu wa M1. Intaneti imafika ku ofesi ya ahedi, koma chipinda cha makompyuta chili kutsidya kwa bwalo la mpira, mamita pafupifupi 350. Chingwe wamba cha netiweki chimathera pa mamita 100, ndiye amisiri akuti tiike faiba, chingwe chotumiza intaneti pogwiritsa ntchito kuwala.

Tili ndi makoteshoni awiri osiyana kutali. Wotchipa akuti akumba pang'ono n'kukwirira chingwecho chokha. Wodula akuti ngalande ifike mita imodzi, chingwe chilowe m'paipi ya pulasitiki yolimba ya HDPE, pansi athire mchenga, pamwamba ayale tepi yochenjeza. Chondidetsa nkhawa n'chakuti njirayo ikudutsa m'munda wa sukulu momwe timaunga mizere chaka ndi chaka, komanso chilimwe anyamata amakumbamo mbewa. Ndalamayi ndi ya makolo, anasonkha atagulitsa fodya ndi soya, ndipo sindikufuna ikawolere m'nthaka. Kodi paipiyo ndi yofunikadi? Nanga masiku ano kukumba akutchaja bwanji pa mita?

Mmisiri wa netiweki, Lilongwe:
Bambo, wotchipayo musiyeni. M'kati mwa faiba muli ulusi wagalasi wowonda ngati tsitsi. Khasu likaudula simungaulumikize ndi manja, pamafunika makina olumikizira ulusiwo (a splicing), ndipo mwini makinawo mudzamulipira ndi thiransipoti yomwe kuchokera kuno. Ubwino wa paipi ndi woti chingwe chikawonongeka mumasolola n'kulowetsa china osakumbanso. Pabwalo masentimita 60 akwanira, koma m'mundamo fikitsanidi mita. Pokhota pasakhale pakuthwa chifukwa galasilo silifuna kupindidwa kwambiri, ndipo pamakona amange timaenje tokhala ndi chivindikiro. Gulani faiba ya mtundu wa single mode (yofika mtunda wautali), makamaka yokhala ndi chitsulo chotchinga makoswe, ya maulusi anayi kapena kuposa kuti ena akhale osungira. Koteshoni aigawe: chingwe pachokha, paipi payokha, kukumba, kulumikiza, ndi ma media converter awiri (timabokosi tolumikiza faiba ku chingwe wamba cha netiweki). Mudzaona kuti chingwecho si chimene chimadya ndalama zambiri, koma kukumba ndi paipi. Mitengo ya zipangizo imatsata dola, choncho pa koteshoni alembepo tsiku lomwe idzathere ntchito.

Mayi wa ku Santhe:
Achimwene, bwanji makolo osakumba okha ngati ntchito yachitukuko? Timaumba njerwa za sukulu, ngalande ingatikanike? Mmisiri angobwera kudzaonetsa mzere ndi kuya kwake. Koma musadikire Okutobala nthaka itauma gwaa, kumbani mvula ikangosiya.

Wina wa ku Mchinji:
Musanakumbe funsani komwe kwadutsa mapaipi a madzi. Ngati ndi a Central Region Water Board, aitaneni adzakulozereni. Mukanati mudutse msewu waukulu mukanafunika chilolezo cha Roads Authority, ndipo pamenepo saswa tala, amaboola pansi ndi makina, n'zodula. Inu poti ndi m'malo a sukulu mwapulumuka. Chinanso, uzani mafumu ndi anthu ozungulira kuti m'chingwemo mulibe mkuwa. Akuba amadula poganiza kuti akagulitsa.

Mnyamata wa ma Wi-Fi:
Bwana, mwaganizirapo tiwailesi tiwiri toyang'anizana, kena pa ofesi kena pa chipindacho? Mamita 350 ndi pafupi, ndipo simukumba.

Mwini funso:
Zikomo nonse. Za tiwailesi tinaziganizira, koma pakati pali mitengo ya bulugamu ndi mango, ndipo ine sindingalole kugwetsa mthunzi wa ana. Komanso mphenzi kuno ndi yoopsa, pomwe galasi silinyamula magetsi kuchoka nyumba ina kupita ina. Mayi, mfundo yanu ndikaitula ku msonkhano wa makolo Loweruka.

Amisiri, mwandiunikira, koma ndifunsenso ziwiri. Chingwe chokhala ndi chitsulocho sichingakoke mphenzi yomwe tikuithawayo? Ndipo ntchito ikatha, ndimuuze woyala chingweyo ayeze chiyani pamaso pa komiti tisanamupatse ndalama yomaliza?

Mmisiri wa netiweki, Lilongwe:
Funso labwino bambo. Chitsulocho chimafunika kuchilumikiza ku earth (waya wotsitsira magetsi m'nthaka) polowera m'nyumba. Ngati paipi yanu ndi yabwino ndipo kukamwa kwake mwatseka bwino kuti makoswe asalowe, tengani chopanda chitsulo. Pomaliza ayeze ulusi uliwonse ndi power meter kapena OTDR (makina oyeza ngati kuwala kukudutsa bwino), akupatseni zotsatira papepala, ajambulenso mapu a momwe chadutsa kuti akhale mu ofesi ya ahedi.