Za ma link ndinafunsa zija, nazi zomwe zachitika

Paja ndinafunsa ngati kugula ma link ochokera ku mawebusaiti ena kungakweze webusaiti yanga yatsopano pa Google, ambiri munandiletsa koma ine n'kuti nditalipira kale munthu wina yemwe analonjeza kundiponyera ma link ambirimbiri sabata imodzi yokha. Abale inu, palibe chinasintha olo pang'ono. Nditalowa mu Search Console, chida cha Google choonetsa momwe webusaiti yako ikuyendera pa Google, ndinapeza ma link ochokera ku masamba a juga, ena olembedwa m'zilankhulo zoti sindizidziwa n'komwe, mtima unandiwawa zedi. Kani Google inayamba kulimbana ndi zimenezi kalekale, mu 2012 ndi Penguin, njira yake yogwirira ma link achinyengo, masiku ano ma link oterewa ambiri imangowanyalanyaza, ndipo link yolipira imayenera kuikidwa chizindikiro cha sponsored kapena nofollow, chouza Google kuti isaiwerengere pokweza webusaiti.

Chomwe chandithandiza chinali mkati mwa webusaiti momwemo. Ndinali ndi masamba 8 oti panalibe link yolozako kuchokera pa tsamba lina lililonse, nde Google ikanawapeza bwanji? Ndinawalumikiza ndi masamba omwe anthu amatsegula kwambiri, komanso mawu a link ndinasiya kulemba "dinani apa", pano ndimalemba zomwe zili patsambalo. Masamba 5 alowa tsopano mu index, mndandanda wa masamba omwe Google imaonetsa anthu akamafufuza, otsalawo ndimawasuzumira m'mawa uliwonse.