Ndithandizeni mawu olonjerera asewere anga m'Chichokwe

Nangozo wa ku Bembeke

Ndikupempha thandizo kwa aliyense amene anakhalapo pakati pa Achokwe kapena amene amadziwa chiyankhulo chawo. Mwana wanga wamkazi, amene amagwira ntchito ku Lusaka, wapeza mnyamata womanga naye banja, ndipo kwawo kwa mnyamatayo ndi ku Chavuma, kumpoto chakumadzulo kwa Zambia kufupi ndi malire a Angola. Makolo ake ndi amalume ake adzabwera kuno ku Bembeke kudzachita chinkhoswe mvula ikatha. Mnyamatayo timamvana naye bwino chifukwa amayankhula Chinyanja cha ku Lusaka, koma ndauzidwa kuti agogo ake aakazi ndi amalume ake aakulu amamasuka m'Chichokwe chokha. Sindikufuna kuti anthu oyenda mtunda wautali chotere, kudzera ku Solwezi, Lusaka, Chipata mpaka kuno, afike pakhomo panga ine n'kukhala chete kudikira womasulira. Ndikufuna kudziwa kulonjera, kuthokoza, kuitanira alendo ku chakudya ndi kutsanzika. Chandisokonezanso n'chakuti pa intaneti ena alemba Chokwe, ena Cokwe, ena Tshokwe. Kodi zonsezi ndi chiyankhulo chimodzi?

Mphunzitsi wopuma wa ku Lizulu

Mayi Nangozo, chiyankhulo ndi chimodzi, kusiyana kuli pa kalembedwe. Achokwe ambiri ali ku Angola, m'madera a Lunda Norte, Lunda Sul ndi Moxico, kumene kuli mizinda ya Dundo, Saurimo ndi Luena. Ena ali kumwera kwa Congo, ndipo ochepa ndiwo ali ku Zambia. Ku Angola boma linavomereza kalembedwe ka ziyankhulo zingapo za m'dzikomo mu 1987, ndipo m'kalembedwe kameneko chilembo cha c chimaimira liwu limene ife timalilemba ch. A ku Congo, amene anaphunzira m'Chifalansa, amalemba tsh pa liwu lomwelo. Choncho mukaona cipema, chipema kapena tshipema, dziwani kuti ndi mawu amodzi otanthauza kuti chinthu n'chabwino.

Polonjera amati moyo, ndipo kwa munthu wamkulu kapena kwa anthu ambiri amati moyo wenu. Munthu mmodzi akamathokoza amati ngunasakwila, pamene banja lonse likathokoza pamodzi limati twasakwila, ndipo mukafuna kutsindika mumaonjezera chinji kumapeto. Amene akunyamuka amauza otsala kuti salenu kanawa, monga ife timanenera kuti tsalani bwino. Mudzapeza kuti khutu lanu likudziwa kale zambiri, pakuti mwana ndi mwana, kudya ndi kulya, dzina ndi jina, munthu ndi mutu ndipo anthu ndi atu. Zimene ziyenera kulowezedwa ndi zosafanana ndi zathu: madzi ndi meya, nyumba ndi zuwo, mkazi ndi pwo, mwamuna ndi lunga, ndipo Mulungu ndi Zambi. Koma ndikuchenjezeni kuti Chichokwe, monga Chichewa, chimadalira kukweza ndi kutsitsa mawu, ndipo zimenezi sizioneka papepala. Pemphani mkamwini wanuyo akujambulireni mawu ake pa WhatsApp kuti muzimvetsera mukamagwira ntchito zapakhomo.

Dalaivala wa ku Tsangano

Aphunzitsi afotokoza bwino, koma pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna mayi achimvetse asanayambe kuloweza. Ine ndayenda kwambiri msewu wa ku Solwezi, Kabompo mpaka ku Zambezi, ndipo cha ku Zambezi ndi ku Chavuma chiyankhulo cha pamsika, cha kusukulu ndi cha pawailesi ndi Chiluvale, pamodzi ndi Chilunda. Boma la Zambia limagwiritsa ntchito ziyankhulo 7 za m'madera, zomwe ndi Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chikaonde, Chilunda ndi Chiluvale, ndipo Chichokwe sichili m'gulu limeneli. Chotsatira chake n'chakuti Mchokwe wa ku Chavuma amadziwanso Chiluvale, ndipo achinyamata ambiri amasakaniza ziwirizi osazindikira. Mukamva wina akuti chimene mwane m'mawa, kapena musana mwane masana, ameneyo akulonjera m'Chiluvale. Aluvale amati vatu pamene Achokwe amati atu, amati zuvo pamene Achokwe amati zuwo, ndipo pothokoza amatalikitsa n'kunena kuti ngunasakwilila. Agogowo sadzakwiya mukawalonjera m'Chiluvale, adzamva ndithu, koma ngati cholinga chanu ndi kuwafika pamtima ndi chiyankhulo cha makolo awo, ndi bwino kuti mawu ojambulidwawo achokere kwa munthu wamkulu wa m'banjamo, osati kwa mnyamata amene wakhala zaka zambiri ku Lusaka.

Mawu a mwane okhawo musawasiye. M'dera lonselo munthu amawaika kumapeto kwa moni, kwa kuthokoza ndi poyankha akaitanidwa ndi wamkulu, ndipo amatsagana ndi kuwomba m'manja mwaulemu. Ndaonapo mlendo wodziwa mawu ochepa kwambiri akulandiridwa bwino chifukwa chakuti sankaiwala mwane ndi manja.

Pa za chakudya, anthu a kumeneko amadya kwambiri nsima ya chinangwa, imene kuno timaitcha kondowole, ndi ndiwo za chigwada zimene iwo amati matamba. Ndikudziwa kuti ku Bembeke mlendo sachoka osalawa mbatata ya kachewere, koma mukadzaika mbale ya chigwada chotendera pambali n'kutchula dzina lake m'chiyankhulo chawo, kuitanira ku chakudya kudzakhala kwachitika kale.

Wosema wa ku Mtakataka

Ine ndikuonjezera za mwambo, chifukwa pa chinkhoswe nkhani sizithera pa moni. Ife osema kuno ku Mua timawadziwa Achokwe chifukwa cha zosema zawo, makamaka chigoba cha Mwana Pwo, chimene chimaonetsa nkhope ya mkazi koma amachivina ndi amuna, ndi cha Cihongo choimira ufumu ndi chuma. Zilombo zawo amazitcha makishi, zimatuluka pa chinamwali cha anyamata chotchedwa mukanda, ndipo bungwe la UNESCO linalemekeza makishi a ku Zambia mu 2005, chaka chomwecho chimene linalemekeza Gule Wamkulu wathu. Alendowo akadzakhala ndi tsiku lopuma, kuwatengera ku Kungoni, malo a zachikhalidwe a kuno ku Mua, kuti akaone zigoba za m'nyumba yosungiramo zinthu zachikhalidwe ya Chamare kudzawapatsa zambiri zokamba. Komabe, mayi, musadzafunse amuna za zimene zimachitika ku mukanda, monga momwe mlendo safunsira za kudambwe.

Achokwe nawonso amawerengera mtundu kuchikazi, ndiye amalume amene mwawatchulawo mudzawaone ngati eni mbumba, ndipo moni woyamba wa ankhoswe anu udzapite kwa iwo.

Nangozo wa ku Bembeke

Twasakwila chinji, mwane, nonse atatu. Ndalemba mawu onse m'kabuku kanga ndipo ndayamba kuwatchula mokweza. Pa za kujambula mawu ndikugwirizana ndi a dalaivala kuti achokere kwa wamkulu, ndipo palinso chifukwa china chimene aphunzitsi akuchidziwa bwino ngati munthu wa kwathu konkuno: sikoyenera kuti ine ndizitumizirana mauthenga ndi mkamwini chinkhoswe chisanachitike. Ndauza mwana wanga kuti apemphe azakhali a mnyamatayo, amene amakhala ku Kabompo, kuti ajambule moni wa m'mawa, wa madzulo, mawu oitanira alendo kusamba m'manja ndi otsanzikana, aliyense katatu komanso pang'onopang'ono. Achimwene anga, amene ndiwo ankhoswe, nawonso avomera kuphunzira. Ngati pali wina amene akudziwa mawu amene makolo a mkazi ndi makolo a mwamuna amaitanirana m'Chichokwe, monga ife timanenera kuti asewere, chonde alembe pano.