Shuga ndi masewera a ski ku Alps

Mlendo: Akuluakulu, munthu wa shuga wodzibaya insulini asamale chiyani pokasewera ski (kutsetsereka pa chipale chofewa) ku Chamonix, kumapiri a Alps ku France?

Wachisanu: Insulini ikaundana yatha ntchito, itayeni ngakhale isungunuke. Muziisunga m'thumba lamkati pafupi ndi thupi, osati m'chikwama chakumsana. Kamakina koyezera shuga nakonso kamakanika kukazizira, batire limafooka msanga. Funditsani zala musanadzibaye poyeza shuga kuti magazi atuluke.

Namwino: Chosokoneza n'kunjenjemera: mumayesa mphepo, pomwe shuga watsika. Yezani musanakwere lifiti yokwezera anthu paphiri. Shuga akatsika kufika pansi pa 3.9 mmol/L pakamakina, idyani magalamu 15 a glucose (shuga wolowa msanga m'magazi), dikirani mphindi 15, muyezenso. Chokoleti ayi, imachedwa chifukwa cha mafuta.

Wachisanu: Usiku shuga amathanso kutsika, makamaka mukamwako mowa. Musagone osayeza.